Mwana wa a Mpani Salira

Kumidzi ya ku Chidzolomondo, mukafunsa za a Nicolau anthu amangoyang'anana, osadziwa kuti mukunena yani. Koma mungotchula kuti a Mpani, nkhalamba zimayamba kudzisisita, wina pantchafu, wina pamsongolo, aliyense pamene pali chipsera chake. Dzinalo analitengera kumanja. Anali ndi zikhatho zazikulu, zokhakhala, ndipo chimene agwira chinkakhala chagwidwa basi, ngati mbewa yopanidwa pampani.

Manja omwewo ndiwo anawapezera ntchito. Ali mnyamata ankaweta ng'ombe za amalume awo, ndipo nyengo yothena nkhunzi ikafika anthu ankachita kuwaitanitsa kumidzi ina, chifukwa iwo ankagwetsa nkhunzi okha n'kuikhalira pakhosi mpaka mpeni utamaliza ntchito. Tsiku lina mzungu wa kuposito, kachipatala kamene Apwitikizi anamanga m'mbali mwa msewu wa ku Furancungo, anaima ndi njinga yake yamoto n'kumaonerera. Ataona mmene nkhunzi inagonjera, anamukodola mnyamatayo. Mawa lake a Nicolau anavala malaya a kaki n'kukhala serevente, wantchito wa pachipatala. Amalume awo anapha nkhuku, ndipo anali ndi chifukwa chosangalalira. Wogwira ntchito kwa mzungu sankatengedwa kupita ku chibalo, kukakumba misewu ya eni ake kwaulere.

Mzunguyo sanali dotolo weniweni. Kwawo anali namwino chabe, koma kuno ndani akanamufunsa? Anthu anamupatsa dzina loti Agwenta, chifukwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo pakamwa pake pankatuluka mawu amodzimodzi: "Aguenta! Aguenta!" Ndiye kuti, pirira.

Posito inali ndi makomo awiri. Lakumaso linali ndi khonde lasimenti, mipando ndi maluwa a m'zitini, ndipo linali la azungu: eni makantina, timasitolo ta m'midzi, akazi awo, asilikali ndi akuluakulu a boma. Lakuseri linayang'ana kumtengo wa mkuyu, ndipo pansi pa mkuyuwo ndi pamene anthu akuda ankakhala pafumbi kudikira. M'chipinda chakumaso munali kabati yagalasi, m'kabatimo muli timabotolo ta mankhwala aja akakubaya nawo pamalopo pamachita dzanzi. Mfungulo yake Agwenta ankaivala m'khosi.

Sabata yoyamba yomweyo a Nicolau anaona ntchito imene anaitanidwira. Mkazi wa mwini kantina anadzicheka chala posenda mbatata. Anamukhazika pampando, anamubaya kajakisoni, anadikira kuti chala chichite dzanzi, kenako anamusoka uku akumufunsa ngati akumva kuwawa. Dzuwa lisanapendeke, kukhomo lakuseri anabwera ndi bambo wina amene nkhwangwa inaphonya mtengo n'kumung'amba phazi. Agwenta anangotola singano ndi ulusi.

"Mgwire," anatero.

A Nicolau analoza kabati ndi maso. "Senhor, nanga aja a dzanzi?"

Mzunguyo anaseka, osati mwaukali ayi, koma mmene munthu amasekera mwana wofunsa zachibwana. Anatsina khungu la pamkono wa a Nicolau n'kulikoka.

"Waliona ili? N'lokhuthala. Inu simumva ngati ife, kusukulu kwathu anatiphunzitsa zimenezo. Munthu wakuda akakuwa ndiye kuti ndi mantha, apo ayi akunyenga. Mankhwala aja ndi odula, sitingawatayire anthu osawafuna."

Bambo wa nkhwangwayo anakuwa mpaka mbalame zinathawa mumkuyu. Agwenta anaponya singano m'mbale ntchito ili pakati, n'kulamula kuti amutulutse, akadikire panja mpaka ataphunzira ulemu. Anadzamumaliza madzulo, phazi litatupa, ntchentche zitadya kale gawo lawo. Lamulo la pamalopo linali limenelo: wolira abwerere kumapeto kwa mzere, wokuwa apite kwawo.

Pano tisawanamizire a Nicolau. Iwo anali atamva m'manja mwawo mmene mnofu wa bambo uja unkanjenjemerera, ndipo ankadziwa kuti munthuyo sankanyenga. Za chitsononkho anaziyamba chifukwa cha chisoni. Anapita kuseri kwa nkhokwe kumene amayi ankatonolera chimanga, anatola zitsononkho zouma bwino, n'kuziika m'dengu pakhomo lakuseri. Wodwala asanagone patebulo ankamunong'oneza kuti, "Lumani ichi, mayi. Musatulutse mawu, angakuthamangitseni. Lumani, ine ndakugwirani." Nzeruyo inagwira ntchito. Anthu anayamba kusokedwa mabala asanaole, mafupa ankawongoledwa tsiku lomwelo. Agwenta ndiye anakondwa koposa. Akabwera alendo ochokera ku Tete ankawalowetsa kuti adzaone okha. "Mwaona? Ndimakuuzani ine. Samva kanthu awa." Chisoni cha a Nicolau chinasanduka umboni wa mzungu.

Chinthu chimene munthu amachita tsiku ndi tsiku chimamulowa m'magazi. Zaka zitapita, a Nicolau sankanong'onanso. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Anayamba kudzudzula olira mzungu asanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo pamowa ankadziguguda pachifuwa kuti anthu a kwawoko ku Macanga ndi olimba, si ngati a kumunsi ku Zambezi olira ndi minga yomwe. Wokhala chete ankamuona ngati munthu weniweni, wobuula ngati wofuna kudumpha mzere. Madzulo akamakataya zitsononkho kudzala ankazitembenuza m'manja. Cha wosokedwa bala laling'ono chinkangokhala ndi timabowo ta mano. Cha wowongoledwa fupa chinkathyoka pakati. Ankaziona, n'kuziponya, n'kukasamba.

Anakwatira a Terezinha, mkazi wa kumapiri a ku Tsangano, wosadziwa kusunga mawu m'kamwa. Ana awo oyamba anapita ali makanda, anatsala mmodzi yekha, Leonor. Tsiku lina Leonor, ali kamtsikana kongoyamba kugwira khasu, anadzitema nalo pamsongolo mpaka fupa kuonekera. Bambo ake anamunyamula kupita naye kuposito. Ngakhale anali mwana wa serevente, analowera kukhomo lakuseri monga wina aliyense, ndipo kabati sinatsegulidwe. A Nicolau anamuika chitsononkho m'kamwa n'kumupana patebulo ndi manja awo. Nthawi yonse imene singano inkalowa ndi kutuluka, mwanayo ankangoyang'ana bambo ake m'maso. Misozi inkatsikira m'makutu, koma mawu sanatuluke. Atamaliza, Agwenta anapatsa Leonor kachibulumwa ka shuga, n'kuwasisita a Nicolau paphewa. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchito limodzi, anawakhudza mwachikondi tsiku limenelo lokha.

Nkhani imeneyi a Nicolau anaikamba pamowa, anaikamba potuluka m'tchalitchi, anaikamba ndi pamaliro pomwe. "Mwana wa a Mpani salira!" Mawuwo anafalikira m'midzi, ndipo amayi anayamba kukwapulira nawo ana awo. Mwana akalira ndi dzino, amake ankati, "Khala chete iwe, mnzako Leonor anasokedwa osalira." A Terezinha okha ndiwo sankaombera m'manja.

"Inu bambo a Leonor, mwana si nkhunzi yothena," ankatero. "Mukumuphunzitsa kubisa. Mbewa yamanyazi idafera kuuna."

"Amake Leonor, za kuchipatala muzisiyire ife odziwa," ankayankha a Nicolau, nkhani n'kuthera pomwepo.

Leonor anakula monga bambo ake anafunira. Ankasenza nkhuni malungo ali m'thupi. Atakwatiwa ndi Marcelino, anabereka mwana wamkazi, Celeste, anthu a nyumba yoyandikana osamva ngakhale kubuula, mpaka azamba anagwira pakamwa. Marcelino anatengedwa kupita ku usilikali mwana asanayambe kuyenda, ndipo sanamvekenso. Leonor sanalire pagulu. Ankalima nyemba zake, kulera mwana wake, ndipo akakumana ndi bambo ake ankamwetulira ngati zonse zili bwino.

Ufulu utabwera, Leonor asanakwatiwe n'komwe, Agwenta analongedza katundu wake, timabotolo ta m'kabati tonse pamodzi, n'kuchoka osatsanzika. Khomo lakumaso linatsegulidwa kwa aliyense, koma anthu ankalambalalabe khonde lasimenti n'kukakhala pansi pa mkuyu, chifukwa mapazi anali atazolowera njira. Boma latsopano linatumiza namwino wachinyamata, enfermeiro m'Chipwitikizi, dzina lake Octávio, wa ku Tete, woonda koma wamoto. Tsiku loyamba anaona dengu pakhomo lakuseri, ndipo atamva ntchito yake analikankha ndi phazi.

"Madala, izi zapita ndi atsamunda. Munthu akamva kuwawa anene, alire ngati akufuna. Ndipo wolirayo ndiye muziyamba naye. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga wodwala akangokhala duu, ife tidziwa bwanji?"

A Nicolau anagwedeza mutu, mumtima akuti mwana wadzulo uyu aona yekha. Koma kwa zaka zingapo timabotolo tinkabwera, ndipo tinkagwira ntchito pa anthu akuda. Tsiku lina anaona nkhalamba ina ikusokedwa mkono uku ikukamba za mtengo wa nyemba, popanda woigwira. Anatuluka, anakakhala kuseri kwa chimbudzi nthawi yaitali. Zinawawawa mumtima, chifukwa anaona kuti zaka zonse zija zinali zotheka kusoka munthu wakuda osamva kuwawa. Koma sanauze munthu, ndipo kunyumba sanasinthe mawu awo. Kuvomera kuti Agwenta ananama kukanakhala kuvomera kuti anapana mwana wawo patebulo popanda chifukwa.

Kenako nkhondo inafika ku Macanga. Anthu a m'tchire, olimbana ndi boma, anayamba kukwirira mabomba m'misewu, aja anthu ankawatcha mina. Galimoto zinkayenda mwa apo ndi apo, pa koluna, mdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Ng'ombe zinalandidwa, aphunzitsi anathawa, ndipo mankhwala anasiya kubwera. Kabati yagalasi inakhala yopanda kanthu, akangaude n'kumangamo nyumba. Tsiku lina anabwera ndi mnyamata wina chipolopolo chili m'ntchafu. Octávio anayang'ana m'kabati, anayang'ana mpeni, kenako anafunsa nkhope ili pansi: "Madala, dengu lija lilipo?" Madzi saiwala khwawa. Dengu linabwerera pamalo pake, pakhomo lakuseri.

Zimene zinathyola a Nicolau zinachitika nyengo yozizira, anthu atakolola. Kunyumba kunalibe mchere kapena sopo, ndipo kunamveka kuti koluna ikupita ku Furancungo. Leonor anasiya Celeste kwa agogo ake aakazi, anasenza thumba la nyemba, n'kukwera lole pamodzi ndi anthu ena a m'mudzi. A Nicolau anali kusesa pakhonde m'mawa umenewo pamene anamva kuphulika, ndipo mazenera a posito ananjenjemera. Lole inali itaponda mina isanapite patali.

Ovulala anayamba kufika, ena atanyamulidwa pazitseko, ena pamsana, ena akukwawa okha. Khonde lasimenti linadzaza magazi mpaka kutsikira m'zitini za maluwa. Kunali kukuwa kumene a Nicolau anali asanakumvepo, ndipo sipakanapezeka zitsononkho zokwana pakamwa ponsepo. Ali mkati mothamangathamanga anaona Leonor akubwera ndi mapazi ake, akuchirikiza mayi wina wothyoka mwendo. Mtima wawo unakhala pansi. Mwanayo analibe bala, analibe magazi. Anali atangomenyetsedwa kuchitsulo cha m'mbali mwa lole, matumba n'kumugwera. Atamusiya mayi uja pakhonde, Leonor anazungulira kuseri, anadutsa pakhomo pamene panali dengu, n'kukakhala pansi pa mkuyu. Anadzifunditsa chitenje kumutu mpaka kutseka pakamwa.

Mkulu wa asilikali ananena kuti galimoto yawo imodzi itenga ovulala kwambiri kupita nawo ku Furancungo, ndipo kuchokera kumeneko ku Tete, kumene kunali dotolo wong'amba anthu. Koma malo anali ochepa, ndipo inayenera kunyamuka dzuwa lili pamutu, chifukwa likapendeka msewu unkakhala wa eni tchire. Aliyense anamva tanthauzo lake. Wokwera galimotoyo anali ndi mwayi wokhala moyo. Wotsala anatsala ndi manja a Octávio opanda mankhwala.

Octávio anali atagwada, manja onse awiri atatsindira pantchafu ya mayi wina kuti magazi asathe. "Madala, kwezani amene ali moipa!" anakuwa. Kenako anasuzumira kuseri. "Mana Leonor, achemwali, inu muli bwanji kumeneko?"

Leonor anayang'ana kaye bambo ake, kenako anatsitsa chitenje pang'ono. "Ndangogundika, enfermeiro. Thandizani enawo."

A Nicolau anakweza anthu mmodzimmodzi, odulidwa miyendo, ong'ambika mimba, opsa ndi moto. Posakhalitsa msilikali anakweza chala kusonyeza kuti patsala malo a munthu mmodzi. Nthawi imeneyo a Terezinha anali atafika, Celeste ali kumsana, ndipo anali atanjuta pafupi ndi mwana wawo, dzanja lili pamphumi pake.

"Bambo a Leonor, tabwerani. Mwanayu mukwezeni. Thukuta ili nyengo yozizira ino? Manja ake azizira ngati mwala wa kumtsinje."

Pakhonde panali a Moisés, ogula fodya, othyoka mkono. Ankagubuduka pansi, kukuwa, kuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. A Nicolau ankadziwa kuti mkono wotere ukanamangidwa pomwepo ndi timitengo, ndipo mumtima ankawanyoza. Koma mawu a Octávio anali m'makutu mwawo, akuti wolira ndiye muziyamba naye. Komanso mudzi wonse unali pamenepo, maso ali pa iwo, kuti uone ngati a Mpani akweza mwana wawo wopanda ngakhale kachilonda n'kusiya munthu akukuwa. Anapita pansi pa mkuyu n'kugwada.

"Leonor, ukumva pati?"

"Pansi pa nthiti apa, ababa."

"Koma si kwambiri, eti?"

Funso lotani limenelo! Linabwera litanyamula kale yankho lake. Leonor anayang'ana bambo ake m'maso, mmene anawayang'anira patebulo ali mwana, n'kupukusa mutu.

"Ndipirira, ababa."

Ndipo a Nicolau ananyadira. Tinene mosabisa, pakati pa magazi ndi utsi wonsewo mtima wawo unasefukira ndi kunyada. Anaimirira n'kulankhula mokweza kuti onse amve: "Uyu ndi wanga, ngwolimba. Kwezani a Moisés." A Terezinha anawagwira malaya, iwo anawachotsa dzanja. Ananyamula a Moisés okha ngati mwana, n'kuwaika m'galimoto. Injini inalira, fumbi linakwera, ndipo galimoto inapita.

Pasanapite nthawi Leonor anapempha madzi. Anamwa, n'kupemphanso. Kenako anagona chammbali, mawondo atawapinda. A Terezinha ankaitana, koma a Nicolau anali patebulo, atapana munthu amene Octávio ankamuchotsa zitsulo kumsana. Dzuwa litapendeka, Octávio anapeza mpata. Anabwera pansi pa mkuyu akupukuta manja, anagwada, n'kutsitsa chikope cha Leonor ndi chala. M'kati mwake munali mbee ngati ufa. Anamugwira pamimba, pali gwa. Nkhope ya Octávio inasintha.

"Meu Deus! Mulungu wanga! Magazi akutayikira m'kati. Kapamba waphulika uyu. Mana, bwanji simunanene? Mukanakwera galimoto ija!"

Anakoka chitenje kuti apume bwino, ndipo m'chitenjemo munagwa zinthu. A Nicolau anawerama. Zinali zitsononkho. Leonor anali atazitola m'dengu podutsa pakhomo paja, osati chimodzi, ndipo m'mawa wonse anali akuziluma kuseri kwa nsalu. Sizinali ndi timabowo ta mano, sizinali zothyoka pakati. Zinali zotafunidwa mpaka kusanduka zinyenyeswa, zofiira ndi magazi a m'nkhama. Pa zitsononkho zonse zimene a Nicolau anataya kudzala moyo wawo wonse, anali asanaonepo zotere.

Sanafunse munthu. Anamubereka Leonor kumsana n'kulowa mumsewu wa ku Furancungo, akuthamanga. Aliyense ankadziwa kuti sangafike, kuti ndi kutali, kuti mumsewumo muli mina zina, koma panalibe wowaletsa. Ndi ukalamba wawo womwewo, a Nicolau anathamanga kutsata mapazi a matayala pafumbi, akupuma ngati ng'ombe ya pangolo. Atatsika chitunda, anamva milomo ya mwana wawo pafupi ndi khutu.

"Ababa," anatero Leonor motsitsa, "zikuwawa."

Chibadwire chake anali asanawauzepo mawu amenewo.

"Lira, mwana wanga!" anatero a Nicolau. "Lira! Kuwa, anthu amve!"

Koma mpweya wokuwira unali utatha. Asanafike pamtsinje, a Nicolau anamva m'manja mwawo kunjenjemera kwa miyendo ya Leonor kukuchepa, kenako kunaleka. Anaima pakati pa msewu. Anakhala chiimire mpaka anthu a m'mudzi anawapeza n'kuwatula mtembo, ndipo anavutika kuti awatambasule zala.

A Terezinha, amene pakamwa pawo sipankapuma, sananene kanthu pamaliro, sananene kanthu pambuyo pake. Ankawaikira amuna awo chakudya n'kutuluka. A Nicolau akanakonda atatukwanidwa. Patapita milungu ingapo a Moisés anabwerako ku Tete, mkono uli m'chikhakha, ali wonenepa bwino, ndipo anabwera ndi tambala kudzathokoza. A Nicolau analandira tambalayo ndi manja awiri, chifukwa munthuyo sanalakwe kanthu.

Mvula itayamba, anthu a m'tchire anatentha posito. Makomo onse awiri anapsa, kabati yagalasi inasweka, unatsala mkuyu wokha. Octávio anathawira ku Furancungo. A Nicolau ndi a Terezinha anatenga mdzukulu wawo n'kuyenda m'tchire masiku ambiri kupita kwawo kwa a Terezinha, kumapiri a ku Tsangano, kufupi ndi malire. M'njira Celeste anaponda chitsa, koma sanauze munthu. Agogo ake anadzazindikira ataona kuti akuyenda chotsimphina, phazi litatupa, mafinya ali tho.

Kumeneko kunkabwera namwino wina wachitsikana mwa apo ndi apo, ndi kachikwama kake, n'kumaonera odwala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Anali wotopa, mzere unali wautali, ndipo mankhwala a dzanzi analibe. Anayang'ana phazi la Celeste n'kunena kuti liyenera kuchekedwa kuti mafinya atuluke.

"Agogo, mumugwire bwino," anatero akupukuta mpeni.

A Nicolau anamukhazika mwanayo pamiyendo. Anamufungatira ndi manja aja. Anaika pakamwa pafupi ndi khutu la mdzukulu wawo.

"Celeste, tamvera. Zikawawa ulire. Ukuwe kwambiri, aliyense amve. Palibe amene akuthamangitse. Wamva?"

Mwanayo anawayang'ana ngati akumuyesa. Kenako anamasula kamfundo ka pansalu yake n'kutulutsa chitsononkho chimene anatola panjira. Anachipukuta bwinobwino padiresi.

"Musade nkhawa, agogo," anatero. "Amayi anandiphunzitsa."

Anachiika m'kamwa n'kuluma. A Nicolau anayesa kuchichotsa, koma mwanayo anakanikiza mano n'kupukusa mutu, ndipo munthu amene ankagwetsa nkhunzi yekha analephera kulanda chitsononkho kwa kamwana.

"Eee, koma mwana wolimba uyu!" anatero namwino. "Onse akanakhala chonchi, ntchito yathu ikanapepuka."

Mayi wina pamzere anagunda mwana wake ndi chigongono. "Wamuona mnzako?"

Mpeni unalowa. A Nicolau anamva kamwendo kakunjenjemera m'zikhatho zawo, ndipo chinthu chimene chinakhala pachifuwa pawo chichokereni pamsewu uja chinatuluka. Anakuwa. Anakuwa kukuwa koipa, kwa munthu wamkulu, mpaka ana a pamzere anabisala kumbuyo kwa amayi awo. Namwino anadzidzimuka, mpeni unatsala pang'ono kuphonya, ndipo anakwiya.

"Agogo, mundilakwitsa! Ngati simungathe kupirira, kadikireni panja. Mayi inu, bwerani mudzamugwire mwanayu."

Anawatulutsa. A Nicolau anakakhala pafumbi, pansi pa mtengo umene unali pabwalo la tchalitchi, n'kutchera khutu kuchitseko. Anadikira nthawi yaitali. M'chipindamo simunatuluke mawu.